Mutu 7: Jenifa Apatutsa Ngolo

1. Chipatala chinatsala ndi ana

Chaka chimene a Dokotala Ezekiele anapuma pa ntchito, anthu a kwa Kachindamoto anangoti chipatala chatha.

Sisitere Katerina, mzungu uja anabadwitsa theka la anthu a m'midzi yathu ino, anali atabwerera kale kwawo, msana utawakana. Pasanapite nthawi, nawonso a Dokotala Ezekiele anavula chikhothi choyera, anatsanzika pa Misa ya Lamulungu, n'kukakhala m'kanyumba kawo ka m'tsinde mwa phiri, kupitirira chipatala. Amayi analira ngati pamaliro.

Pa chipatala cha mishoni cha Chikunguwa panatsala ana okhaokha. Umu ndi mmene anthu ankanenera. Wamkulu wa anawo anali Ruth, mwana wa mayi wina wogulitsa usipa pa Mtakataka. Anali ataphunzira za udokotala ku Lilongwe, koma zimenezo sizinkawerengedwa. Chimene anthu ankakumbukira n'chakuti anamuona ali kamtsikana ka diresi la zigamba, atasenza beseni la usipa pa siteshoni ya sitima. Munthu amene unamuonapo akulirira chigumu, ungamupatse mimba yako kuti aing'ambe?

Musatiseke msanga, ana inu a sukulu. Ife a kuno kukayika tinachita kuphunzitsidwa. Chibwerere matipate talonjezedwa milatho, mijigo ndi mankhwala, koma chimene tinalandira ndi nsalu za zipani, nazonso zosachedwa kusuluka. Munthu wonamizidwa kawirikawiri amafika pokana ndi choona chomwe.

Choncho panabadwa chizolowezi chachilendo. Ngolo zonyamula odwala zinayamba kudutsa pa geti ya chipatala osaima, ulendo wa kuphiri, kunyumba ya dokotala wopuma uja. Kumeneko kunalibe diripi, kunalibe jakisoni. Kunali mpando wandalema ndi mbuzi zingapo. Mkuluyo ankawabweza, koma anthu ankati akungofuna kuchondereredwa, poti wamkulu savomera kamodzi. Ena ankamwalira pobwerera. Ena ankafika pachipatala atatha kale. Akamwalira, mlandu unkagwera ana aja.

2. Lichero ligwa pakhonde

Jenifa anali mtsikana wa Fomu 3, mwana woyamba wa a Fagness ndi a Sitefano. M'nyumba mwawo munalibe mwana wamwamuna, choncho bambo ake anamuphunzitsa iyeyo kumanga ng'ombe pagoli ndi kuyendetsa ngolo. Ng'ombezo zinali ziwiri, Boma ndi Matipate. A Sitefano anazitcha choncho chifukwa sizinkagwirizana: ina ikakokera kumanja, inzake inkakokera kumanzere.

Mwezi wa Okutobala chaka chimenecho a Sitefano anali kutsidya kwa nyanja ku usodzi. Loweruka lina m'mawa, dzuwa litangoyamba kuluma, a Fagness ankapeta mpunga pakhonde. Jenifa ali m'nyumba anamva lichero likugwa. Potuluka anapeza mayi ake atapindika pansi, atagwira m'munsi mwa mimba, nkhuku zikutola mpunga pambali pawo.

"Amayi! Chachitika n'chiyani?"

"Chandibaya ngati mpeni," anatero a Fagness. Thukuta lawo linali lozizira ngakhale kunja kunkatentha. Milomo inali itatuwa, zikhatho zili mbee ngati za munthu wosefa ufa. "Sendera kuno. Ndadumpha miyezi iwiri. Akudziwa ndi abambo ako okha. Usauze wina koma dokotala."

Anthu ambiri a m'mudzi anali kumaliro kutsidya kwa mtsinje. Jenifa anathamangira kwa amalume ake, a Mathias, mwini mbumba, amene mawu awo anali lamulo pa mlongo wawo ndi ana ake. Jenifa ndi amalume akewo anayala mphasa ndi bulangeti m'ngolo, n'kuwagoneka a Fagness. Jenifa akumanga ng'ombe, a Mathias anatulutsa njinga yawo.

"Tchera khutu, mwana iwe. Ine nditsogola kukawauza a Dokotala Ezekiele kuti akonzeke. Iwe ubwere ndi ngolo. Ukafika pa mphambano ya chipatala usayang'ane n'komwe kumanzere. Ulunjike kuphiri. Wamva?"

"Koma amalume, kuphiri n'kutali. Chipatala chili panjira pomwepo."

A Mathias anakwinya nkhope, n'kukweza malaya mpaka pachifuwa. Jenifa anayang'ana kumbali. Chipsera chimenecho anali atachiona kambirimbiri, poti a Mathias ankachionetsa pamaliro, pamowa, ngakhale pa msonkhano wa makolo kusukulu. Chinkayambira pamwamba pa mchombo kutsika m'munsi, chowongoka ngati msoko wa telala wa m'tauni.

"Ukuchiona ichi? Matumbo anga anapotana ngati chingwe cha khoka. Abale anali atayamba kufunsana za matabwa. A Dokotala Ezekiele ananditsegula, anawongola matumbo, n'kunditseka. Taona msoko wake! Manja amenewo sapezekanso m'dziko muno. Ndiye iwe ukufuna mlongo wanga akamugwire mwana wa usipa uja? Aja ndi ana a mapepala. Amaphunzirira pa anthu ngati mmene mnyamata amaphunzirira kumeta pa mutu wa mng'ono wake.

"Ndipo sunamve zimene zikunenedwa pa Golomoti? Chichokere akuluakulu, mkati muja akutunga magazi a odwala n'kumathira m'mabotolo. Kumene akupita nawo akudziwa okha. Munthu amalowa ndi magazi ake, amatuluka ali mbuu ngati chinangwa chosenda. Ine ndakhala zaka zambiri, ochenjera ndawaona, ndipo ambiri a iwo ndawaika m'manda ndi manja angawa. Mawu a akulu akoma akagonera. Ukapatuka panjira, chimene chichitike chidzakhala pamutu pako, ndipo usadzanditchulenso kuti malume."

Atatero anakwera njinga, n'kuzimiririka m'fumbi.

3. Pa mphambano

Msewu unali wa mabampu, ndipo ng'ombe siidziwa changu. Tayala likagwera m'dzenje, a Fagness ankabuula. Jenifa ankapepesa, n'kukwapula ng'ombe, n'kupepesanso. Anadutsa minda yopsa ya thonje, anadutsa malambe opanda masamba, anaoloka mtsinje wouma. Kenaka anazindikira kuti kwa kanthawi ndithu sanamve kubuula.

"Amayi, mundiyankhe!"

"Madzi," anatero mawu ofooka.

Pa mphambano ya chipatala Jenifa anakoka zingwe. "Hoo!" Ng'ombe zinaima. Anadumphira kumbuyo n'kuwanyowetsa milomo mayi ake. Mimba inali itafufuma, mpweya ukutuluka mwachangu ngati wa mbalame yogwidwa.

"Phewa likundiwawa," ananong'ona a Fagness. "Bwanji kwada msanga lero?"

Dzuwa linali pamutu.

Jenifa anaimirira m'ngolo. Kutsogolo, mzere wa tayala la njinga ya amalume ake unalunjika kuphiri, ndipo phirilo linkaoneka lobiriwira ndi kutalika. Kumanzere, kuseri kwa mitengo ya mango, kunkaoneka malata a chipatala, pafupi moti ukanamva mwana akulira.

"Amayi, amalume anati tipite kuphiri."

A Fagness anali atatseka maso.

"Amayi, ine ndikupatuka."

 Panalibe wamkulu aliyense woti amuuze kuti wachita bwino kapena walakwa. Panali iye, ng'ombe ziwiri ndi fumbi.

Anakhala pampando n'kukoka chingwe cha kumanzere. Matipate anakhota. Boma, monga mwa khalidwe lake, anakana. Jenifa anali asanamenyepo ng'ombe za bambo ake mwa mphamvu, koma tsiku limenelo Boma anakwapulidwa ndi mwana wa sukulu mpaka anamvera.

Mlonda wa pa geti ankasenda nzimbe pamthunzi. Ataona ngolo anaseka.

"Mwasochera, mwana wanga? Ngolo masiku ano sizilowa muno. Njira ya kuphiri ndi iyo."

"Tsegulani, agogo! Amayi anga akufa!"

Mkuluyo anasuzumira m'ngolo kamodzi kokha. Nzimbe inagwa. Anakankha geti, n'kuthamangira pa chitsulo chopachika pa mtengo wa mango, n'kuchimenya ngati kwabuka moto.

4. Chipande

Chitsulo chisanasiye kulira, anthu anali atatuluka m'zitseko zosiyanasiyana, ena akukankha kabedi ka matayala. Patsogolo panali mayi wamfupi, woonda, wovala majombo oyera. Ameneyo ndiye anali Ruth.

Sanapereke moni. Anakwera m'ngolo, anakoka chikope cha a Fagness n'kuyang'ana mkati, anagwira pamkono, n'kusindikiza mimba pang'ono. A Fagness anakuwa.

"Anadumpha mwezi?"

"Iwiri," anatero Jenifa.

"Tamvera, mng'ono wanga. Mimba inakhala panjira, siinafike m'chiberekero. Njirayo yaphulika ndipo magazi akutayikira mkati. Tikachedwa tiwataya. Abambo ako ali kuti?"

"Kunyanja."

"Amalume?"

Jenifa anagwetsa maso. "Kuphiri."

Ruth sanaseke ndipo sanakwiye. Ayenera kuti yankho limeneli anali atalimva kambiri. Namwino anali atabaya kale diripi, ndipo a Fagness anatsegula maso pang'ono. Ruth anawaweramira.

"Mayi, tikufuna tikutseguleni pamimba. Mukuvomera?"

"Chimene anene mwanayu," anatero a Fagness.

Maso onse anatembenukira kwa Jenifa. Iye anayang'ana Ruth.

"Kodi... mutha?"

"Ndikayamba kukufotokozera tichedwa."

"Atseguleni."

"Gwira botolo ili m'mwamba, uthamange nafe."

Pakhonde la chipinda cha opaleshoni, chimene anthu amangoti ku fiyeta, anakumana ndi Mussa woyeza magazi, mnyamata wa kunyanja wovala kofia yoyera. Nkhope yake sinali yabwino.

"Mufiriji mulibe magazi, achemwali. Paketi yomaliza tinampatsa mwana wa malungo uja dzulo."

"Tengani anga!" anatero Jenifa, atatambasula mkono.

Mussa anamubaya pachala n'kuthamanga, ndipo posachedwa anabwerera akupukusa mutu. "Magazi akowa ndi a mtundu wina. Komanso ndi ochepa. Kwanu mumadya chiyani, mphepo?"

Ruth anali akutsuka manja mpaka m'zigongono. Sanatembenuke n'komwe.

"Tengani chipande."

Jenifa anaganiza kuti sanamve bwino. Koma namwino anadutsa pamaso pake atanyamula thireyi, ndipo nsalu yophimba itasuntha anaona bwinobwino: chipande chachitsulo chokuya, chonga chogawira phala, fanulo, ndi mabotolo opanda kanthu. Chitseko chinatsekedwa.

Anamuuza kuti akhale pa benchi. Benchiyo inamuotcha. Pa chitseko panali kagalasi kakang'ono, ndipo ataima chonyang'ama anatha kuona mkati.

Mayi ake anali ataphimbidwa ndi nsalu zobiriwira pansi pa nyale yaikulu. Kumutu kwawo kunakhala Andrew, wogonetsa odwala, dzanja lina likufinya thumba lakuda la mpweya, lina lili pakhosi pa wodwala. Ruth anawerama. Kenaka chipande chija chinalowa m'mimba mwa mayi ake, n'kutuluka chitadzaza magazi. Anawathira pa fanulo yokutidwa ndi nsalu zoyera, ndipo magazi anayamba kukwera m'botolo. Chipande chinalowanso.

Jenifa anayang'anitsitsa botololo. Zonse zinali monga ananenera amalume ake: akutunga, akuthira m'mabotolo. Ndipo anawabweretsa ndi iyeyo. Anaika dzanja pa chitseko, kukamwa kuli yasa, kuti akuwe mudzi wonse umve.

Botolo linadzaza. Mussa analitseka n'kulinyamula. Kumbuyo kwa chipindacho kunali khomo lina, ndipo Jenifa anadikira kuti aone akutulukira kumeneko.

Mussa sanapite kukhomoko. Anazungulira kumutu kwa bedi, anapachika botolo mozondotsa pa chitsulo, n'kulumikiza kapaipi. Jenifa anatsatira ndi maso. Kufiira kunatsika m'kapaipi muja pang'onopang'ono, kunakhota pa nsalu yobiriwira, n'kukalowa pamkono wa mayi ake, mkono womwe uja unagwira lichero m'mawa.

Magazi amene anatayika ankabwerera kwawo.

Dzanja la Jenifa linatsika pa chitseko. Anaiwala kukuwa, anaiwala ndi kulira komwe. Botolo lina linadzaza, linapachikidwa. Mkatimo munalibe wokweza mawu. Ruth akatambasula dzanja, chida chinkagweramo asanachitchule. Andrew akakweza chala, namwino anali atafika kale. Anali ngati anthu amene akhala akupalasa bwato limodzi pa mphepo ya mwera zaka zambiri, aliyense akudziwa kupuma kwa mnzake.

Ndipo zala za mwana wa usipa uja! Zinkalowa, zinkamanga, zinkadula, osabwerera pamalo amodzi kawiri. Jenifa anali ataonapo asodzi akusoka khoka ndi amayi akuluka mphasa, koma anali asanaonepo manja otere.

5. Manja awiri onjenjemera

"Ali kuti? Ali kuti mwana wosamva uja?"

Mawu a a Mathias anamveka kuchokera pa geti. Anafika pakhonde thukuta lili kamukamu, ndipo pambuyo pawo, akutsimphina ndi ndodo, pankabwera nkhalamba yaitali ya imvi. Anali a Dokotala Ezekiele. Atangomva za kubaya kwa m'mimba ndi za thukuta lozizira, mkuluyo anali atalamula a Mathias kuti amukweze pa keliyala ya njinga akakumane ndi ngolo panjira. Ngolo sanaipeze. Anangopeza mizere ya matayala itakhotera kumanzere.

A Mathias anamukankhira Jenifa kumbali n'kusuzumira pa kagalasi. Anaona chipande. Anaona botolo.

"Mayo ine! Akumupopa! Mlongo wanga akumupopa masanasana! Adokotala, lowani mukawaletse! Iwe Jenifa, waona chimene wachita?"

Anagwira chitseko kuti achikankhe. Ndodo ya mkulu uja inatchinga pakhomo.

"Mathias, ukalowa ndi fumbi lakolo, mlongo wako umupha ndiwe. Khala pansi."

Mawuwo sanali okweza, koma ndi mawu amene anthu a dera lino anawamvera zaka zambiri. A Mathias anakhala. Mkuluyo anayandikira kagalasi n'kuyang'ana nthawi yaitali. Milomo yake inkagwedezeka ngati munthu wotsatira nyimbo imene akuidziwa. Potsiriza anagwedeza mutu.

"Wamanga kale. Magazi asiya."

Anatembenukira kwa Jenifa. "Mwana wanga, nditungire madzi pa mpopepo."

Jenifa anabweretsa kapu yodzaza. Mkuluyo anapanikiza ndodo m'khwapa n'kulandira ndi manja awiri. Kapu inayamba kuvina. Madzi anatayikira pa malaya, pa buluku, pa simenti. Pofika pakamwa munali mutatsala a pansi okha. A Mathias anayang'anitsitsa manjawo. Anthu onse amene ankapita kuphiri ankawaona manja amenewa, koma munthu amaona chimene akufuna.

"Ndi kwa manja awa kumene unkabweretsa mlongo wako," anatero a Dokotala Ezekiele. "Akanafika kwanga, ndikanamupatsa mpando ndi pemphero, n'kumutseka maso. Ndakuuzani pa Misa, ndakuuzani pakhomo panga, koma inu mumati ndikufuna kuchondereredwa. Kweza malaya ako."

"Adokotala..."

"Kweza. Pamowa umakweza wosakupempha."

A Mathias anakweza malaya. Mkuluyo analoza chipsera ndi nsonga ya ndodo.

"Chaka chimene unabwera ndi matumbo opotana, manjawa anali atayamba kale. Ine ndinaima kumbuyo, manja nditawapinda kumsana, ndikungoyang'ana. Anakutsegula ndi Ruth. Anakuwongola matumbo ndi Ruth. Msoko ukuuonetsa m'midzi monsewu ndi wa Ruth. Iwe unali m'tulo. Podzuka unaona imvi zanga, n'kubwera ndi tambala kunyumba kwanga. Ndinakuuza kuti tambalayo ukampatse mtsikana uja. Unaseka mpaka misozi, unati adokotala ndi anthabwala."

A Mathias anatsitsa malaya pang'onopang'ono.

"Ndipo chipande ukuchiopacho n'chakale kuposa mwana uyu. Chaka china madzi osefukira anadula msewu, kunalibe kopita kukatenga magazi. Anabwera mayi wa matenda omwewa. Sisitere Katerina anathamangira kukhitchini ya masisitere, anatenga chipande, anachiwiritsa, n'kumubwezera mayiyo magazi ake omwe, atawasefa. Si nzeru yawo yokha, nawonso anaphunzira kwa ena. Iwo anandiphunzitsa ine. Ine ndinaphunzitsa Ruth. Namwino ukumuona waima pambali pakeyo akuphunzira lero lomwe. Wina wake anasuzumira pa kagalasi aka, anaona botolo likudzaza, n'kuthawa asanaone kumene likupita. Ndiye pa Golomoti ponse nkhani ili mkamwamkamwa.

"Mverani, nonse awiri. Dokotala si imvi. Dokotala si munthu mmodzi. Mukamaona ine ndikutuluka m'chipinda umu, kumbuyo kwanga kunali wogonetsa, woyeza magazi, wowiritsa zida, wokolopa pansi. Inu munkapereka moni kwa ine ndekha. Ine ndi Sisitere sitinachoke ngati akuba usiku. Tinakhala zaka tikuthira zonse za m'mitu mwathu m'manja mwa ana awa, ndipo titaona kuti atipitirira, tinakhala pansi. Mtengo wa nthochi ukabereka umadulidwa, koma m'munsi mwake mumakhala mutaphuka kale ana. Inu mukulirira chitsa, nthochi zikupsa pambali panu. Ndipo kulira kwanuko kukupha anthu. Ngolo iliyonse imene yafika pakhomo panga yandichotsera tulo."

Mkuluyo anayang'ana Jenifa.

"Anakuuza ndani kuti upatuke?"

"Palibe, agogo."

"Amalume ako anati chiyani?"

Jenifa anayang'ana a Mathias, n'kuyang'ana pansi. "Anati ndilunjike."

"Kumvera akulu n'kwabwino, ndipo usadzasiye. Koma maso anakupatsa ndi Mulungu, si amalume."

6. Ngolo ina

Dzuwa litapendeka, chitseko chinatseguka. Ruth anatuluka akuvula kansalu kakumaso, pamphumi pali mzere wa chipewa. Ataona a Dokotala Ezekiele anapinda mawondo monga mwana aliyense wakwathu.

"Mwatiyendera, bambo?"

"Ndabwera kudzaonera. Mfundo yachiwiri ija ine ndikanachedwa nayo."

Ruth anamwetulira, n'kutembenukira kwa Jenifa. "Amayi ako akhala ndi moyo. Mimba ija yokha sitikanatha kuipulumutsa, ndipo zimenezo ndidzawauza ndekha akapeza mphamvu. Ukanapitirira mphambano ija, bwenzi tikunena zina."

Kenaka anaona a Mathias. "A Mathias, muli bwanji? Mimba ikuvutanso?"

 A Mathias anangogwira malaya awo pamimba ndi manja awiri, ngati akuopa kuti angakwere okha.

Ku wodi a Fagness anagona chagada, diripi ili pamkono. Milomo inali itayamba kubwerera mtundu wake. Jenifa anatembenuza chikhatho chawo n'kuchiyang'ana: kuyera kuja kunkatha. Anachigwira ngati chinthu cha m'tchalitchi. Patapita nthawi maso anatseguka, anayendayenda padenga, n'kumupeza.

"Jenifa."

"Ndili pano, amayi."

"Ng'ombe wazimwetsa?"

Jenifa anaseka, ndipo kusekako kunasanduka kulira, mpaka namwino anamutulutsa kuti asadzutse odwala ena.

Anatunga madzi m'ndowa n'kupita nawo pa geti pomwe anamangirira ngolo. Amalume ake anali pomwepo, ataima ndi njinga yawo, akuyang'ana kumsewu. Sanamuthokoze. Sanapepese. Musayembekezere zimenezo kwa anthu a msinkhu wawo, poti chodabwitsa chimodzi sichichotsa chimene munthu wachikhulupirira pamaso pa mudzi wonse.

"Za kusamvera kwako tikakamba kumudzi," anatero osamuyang'ana.

"Chabwino, amalume."

Boma akumwa, Jenifa anamva kulira kwa matayala osathira girisi. Pa mphambano pankadutsa ngolo ina, ng'ombe zikukwapulidwa, fumbi lili kobo. Woyendetsa sanayang'ane n'komwe kumanzere. M'ngolomo munagona munthu wofunditsidwa chitenje chachikasu cha maluwa akuda. Jenifa anachidziwa chitenjecho. Anali atachibwerekapo kupita nacho ku kwaya. Chinali cha Fatima, mnzake wokhala naye desiki imodzi.

Ngolo inalunjika kuphiri, kunyumba imene munalibe ngakhale nkhalamba yoti iwabweze.

Ndowa inagwa. Wapansi sakanaipeza ngolo imeneyo. Jenifa anathamangira njinga n'kugwira chishalo.

"Amalume, ndibwerekeni!"

A Mathias anayang'ana fumbi lija, anayang'ana malata a chipatala, n'kuyang'ana mwana wa mlongo wawo. Dzanja lawo linali likadali pa handulo.